Nyonga ya Malume Athu

Ife a kunyanja tidziwa kuti zinthu ziwiri zikamakhuzana tsiku ndi tsiku, china chimaperepeseka. Mtondo wathu ku Linga, m'mene amayi asinjamo makaka zaka zambiri, tsopano wapyapyala pansi. Munsi sudauswe tsiku limodzi ayi, udangoudya pang'onopang'ono.

Tidakumbukira mtondowo pamene malume athu, msodzi wa pa Chia, adabwerako kuchipatala atawaika nyonga yochita kupanga. Adakhala akutsimphina zaka zitatu, ndipo titawaona akuyenda chilili tidakondwera koposa. Koma pasanathe miyezi isanu ndi umodzi iwo adati abwerera kukakoka khoka. Pamenepo mkangano udabuka pabanja.

Nyonga yotere ili ngati munsi ndi mtondo: kampira kachitsulo kamazungulira m'kachikho ka pulasitiki nthawi iliyonse munthu akaponya phazi. Dokotala wa ku England, John Charnley, adayamba wapanga kachikhoko ndi Teflon, koma kadatha m'zaka zowerengeka, odwala ambiri nachitidwanso opaleshoni. M'chaka cha 1962, pa chipatala cha Wrightington, adayesa pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene, ndipo imeneyo idapirira.

Komabe ngakhale iyo imaperepeseka. Tizidutswa take tosaoneka ndi maso timagwera m'thupi, thupi nkumalimbana nato monga mdani. Pa nkhondo imeneyo fupa lozungulira limadyeka, mpaka chitsulo chiyamba kugwedera monga mzati wodyedwa ndi chiswe patsinde. Ena adayesa kugwirizanitsa chitsulo ndi chitsulo chinzake, koma fumbi lake lidawononga minofu, kotero kuti mu 2010 mtundu wina wotchedwa ASR udachotsedwa pamsika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri adapeza njira yolimbitsira pulasitiki ndi cheza, ndipo ya masiku ano imatha mochedwa kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2019 adaonetsa kuti pa nyonga 100 zilizonse, pafupifupi 58 zimafika zaka 25.

Kuno kwathu madokotala a ku Blantyre adayamba mu 2005 kusunga kaundula wa anthu oikidwa nyonga zotere. Adapeza kuti ambiri sadali nkhalamba: adali anthu a msinkhu wogwira ntchito, amene mutu wa fupa lao udafa chifukwa magazi sadali kufikako. Munthu wa zaka 50 angathe kukhala ndi moyo kupitirira nyonga yake, ndipo opaleshoni yachiwiri ndi yovuta ndi yodula kuposa yoyamba.

Malume adayankha kuti, “Kodi adandikonzera mwendo kuti ndizingokhala?” Adanena zoona. Kuyenda nkofunika, pakuti kumalimbitsa minofu yogwira nyongayo. Koma kukoka khoka pamchenga ndi kulumpha m'bwato nkusinja ndi mphamvu mumtondo wosasemekanso msanga.

Tidagwirizana tere: malume azisoka maukonde pamthunzi ndi kutiwerengera mphepo, ngati ndi mwera kapena mpoto, ife adzukulu tizikoka chingwe. Sadakondwere msanga, koma lero amatidzudzula ali chilili, opanda ndodo.

Inu achinyamata, makolo athu sadzapempha kuti tiwalandire katundu. Tiyeni tiwalandire asanapemphe.