Kulondola mapazi a agogo a ku Keyala

Januwale. Ndayamba kufufuza mbiri ya agogo awo a bambo anga, amene kuno ku Nkhunga timangomva kuti anapita kunkhondo ya azungu. Ntchitoyi ndi yachilendo kwa ine, choncho tiphunzire limodzi. Ndayambira pakhonde la azakhali. Akuti agogowo anali a Keyala, gulu la asilikali la King's African Rifles lomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1902.

Febuluwale. Funso loyamba ndi lakuti, nkhondo yake iti? Ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, anthu athu anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga ndi kutsidya kwa Songwe. Ya 1939 mpaka 1945 inawafikitsa ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma. Azakhali amatchula Karonga, ndiye ndi yoyambayo. Ndaphunziranso kuti si onse ananyamula mfuti. Anthu pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anali atengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo, ndipo mayina a ambiri sanasungidwe.

Malichi. Lero mtima wadumpha! M'sutikesi yakale mwapezeka mendulo yakuda bii. Kumaso kwake kuli mutu wa mfumu George V basi, koma mphunzitsi wina wandiuza kuti ndiyang'ane m'mphepete. Nditaipukuta ndi kansalu, zaoneka nambala, dzina ndi zilembo za K.A.R. Nambalayo ndiyo chinsinsi, chifukwa mayina amafanana koma msilikali aliyense anali ndi yakeyake m'gulu lake.

Epulo. Ndafika ku National Archives ku Zomba. Zikalata zambiri zakale zinapsa ndi moto wa mu 1919, motero pamafunika kudekha. Dzina la pamendulo likusiyana pang'ono ndi lomwe timadziwa, poti alembi ankalemba mmene amvera. Boma lathu nalo ankalilemba kuti Kota Kota. Mukamapita, tengani mayina onse a munthuyo, dzina la bambo ake, mudzi ndi mfumu yake. Ndakaonanso chipilala chokumbukira asilikali a Keyala, ndipo ndaimapo nthawi yaitali.

Meyi. Zomwe ndapeza ndazilemba m'kope, chilichonse ndi kumene ndachitenga. Tsopano ndikaona malipenga, gule amene anatengera perete wa asilikali, ndimaona agogo. Inunso mungathe. Yambani ndi akuluakulu a kwanu akadali moyo, pakuti zikalata zimadikira koma iwo sadikira.