Mapiri Ofiirira a ku Yorkshire

Ife amene imvi zatimerera kuno ku Britain, mwezi wa Ogasiti timaudziwira ku heather, kachitsamba kolekeza m'mawondo kamene kamakuta mapiri opanda mitengo. Kakamasula maluwa, zitunda za North York Moors zinkafiirira mpaka kumene maso alekezera. Alimi a njuchi ankakweza ming'oma yawo kumeneko, ndipo uchi wake unali wolimba, wosadontha pa supuni. Mphepo inkanunkhira uchiwo, nkhosa zikudya chapatali, nkhwali za kuno zotchedwa grouse zikubulika m'mapazi mwathu ndi phokoso. Tinkatsika phiri mitima ili mbee!

Lero m'madera ambiri a Pennines, Wales ndi Scotland, pamene panali maluwa pali udzu wotuwa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma linkalipira anthu kuti akumbe ngalande zoumitsa mapiriwa. Thandizo la alimi linkawerengera mitu ya nkhosa, motero nkhosa zinachuluka n'kudya heather mpaka kutsinde. Kwina anadzalako nkhalango za mitengo ya Sitka spruce.

Tsopano mkangano uli pa moto. Eni malo osakirako grouse, amene ulenje wawo umayamba pa 12 Ogasiti, amatentha tizigawo nyengo yozizira kuti heather aphukire, ndipo amati zitsamba zikakalamba zimaitana moto wolusa ngati wa ku Saddleworth Moor mu 2018. Bungwe loteteza mbalame la RSPB limati motowo umaumitsa peat, dothi lakuda lonyowa losunga madzi ndi mpweya wa kaboni. Mu 2021 England inaletsa kutentha popanda chilolezo pa peat wakuya m'malo otetezedwa, ndipo Scotland inakhazikitsa lamulo la ziphaso mu 2024.

Ine wokulira ku Dedza ndimadziwa kuti lupsa wotenthedwa udzu usanaumitsitse amasiyana ndi moto wa alenje a mbewa m'mwezi wa Okutobala. Pouma, moto wa nzeru uli ndi malo ake. Pa peat ponyowa, tsekani ngalande madzi abwerere.

Chimene chimandisangalatsa ndi cha anthu a ku Langholm ku Scotland, amene anasonkha ndalama n'kugula phiri lawo kuti aziliyang'anira okha. Mwini dera ndiye amadziwa pamene pamadikha madzi. Akuluakulu okangana inu, khalani pansi ndi abusa a nkhosa ndi alimi a njuchi, kuti adzukulu athu adzaone Ogasiti amene ife tinaona.