Inshuwalansi ya ndege ya injini ziwiri: mpanda umene mwana wa ku Chilwa amakumana nawo ku Joni

Inshuwalansi ya ndege ku South Africa imayamba yapima munthu woyendetsa isanapime ndegeyo. Kampani isanatchule mtengo imafuna kudziwa maola onse amene munthu wauluka, angati mwa iwo anali pa ndege ya injini ziwiri, angati pa mtundu weniweniwo wa ndege, angati m'miyezi 12 yapitayi, ndiponso ngati anachitapo ngozi. Kwa Mmalawi wokulira pakati pa Jali ndi Kachulu, amene wafika pa mabwalo a Lanseria, Grand Central, Rand kapena Wonderboom ndi ndalama zosonkherana pa abale, funso lachiwirilo ndi limene limalasa mtima. Chiphaso ali nacho m'thumba, mayeso anakhoza, koma fomu ya inshuwalansi imamuwerenga ngati mwana wa dzulo.

Malamulo a bungwe la SACAA, loyang'anira za ndege m'dzikomo, amafuna maola 45 kuti munthu alandire chiphaso choyamba cha PPL, maola 200 pa chiphaso chogwirira ntchito cha CPL, ndi maola 1,500 pa chiphaso chachikulu cha ATPL. Chilolezo choyendetsa ndege ya injini ziwiri, multi-engine rating, chimatheka ndi maola ochepa kwambiri, ndipo poti ola limodzi pa Piper Seneca, Piper Seminole kapena Diamond DA42 ndi lodula zedi poyerekeza ndi pa Cessna 172, wophunzira aliyense amalipira okhawo amene lamulo likufuna. Motero boma limati munthuyu ndi woyenera, pamene a inshuwalansi amati adikire. Mawu a boma amathera pa chiphaso, koma makiyi a ndege amatuluka pokhapokha a inshuwalansi atavomera.

Inshuwalansiyo ili ndi magawo atatu. Loyamba ndi hull, lolipira ndegeyo ikaonongeka ili pansi kapena m'mwamba. Lachiwiri ndi la anthu ndi katundu wa pansi, poti lamulo la za ndege la 2009 limasenzetsa mwini ndege mlandu wa zimene ndege yake yaononga ikagwa. Lachitatu ndi la okwera. Pamwamba pa izi pali excess, ndalama imene mwini ndege amayamba walipira yekha kampani isanaike yake, ndipo sukulu kapena mwini ndege wobwereketsa amaikankhira kwa woyendetsa. N'chifukwa chake ophunzira ndi obwereka ndege kumeneko amagula inshuwalansi ina yaing'ono ya excess yokhayo, yolipira mwezi ndi mwezi. M'pangano mumakhalanso ndime yonena za amene angayendetse: kaya otchulidwa mayina, kaya aliyense wofika pa mlingo wakutiwakuti wa maola. Wa maola ochepa safika pa mlingowo. Ayenera kulembedwa dzina payekha, ndipo akavomeredwa mtengo umakwera, excess imakwera, n'kumuuzanso kuti ayambe wauluka ndi mlangizi maola akutiakuti asanapite yekha, ndi ena owonjezera asananyamule munthu. Pa ndege zodula, makampani a inshuwalansi amagawana ngozi yake ndi misika yakunja monga Lloyd's ya ku London, choncho yankho limene mwana wa ku Chilwa amalandira limatsata ziwerengero za anthu amene sadzamuona nkhope.

Mantha a makampaniwa ali ndi maziko, ndipo izi n'zovuta kuzikana ngakhale kwa amene akanidwa. Injini imodzi ikazima pa ndege yaing'ono ya injini ziwiri, mphamvu imatsika ndi theka koma kuthekera kokwera m'mwamba kumatsika ndi pafupifupi 80 peresenti. Injini yotsalayo imakokera ndege kumbali ya yakufayo, ndipo woyendetsa ayenera kuponda chowongolera, kuzindikira injini imene yafa, kutembenuza mapeni a pulopela yake kuti asagwire mphepo, kukweza mateyala, zonsezi m'masekondi ochepa. Pa geji ya liwiro pali mzere wofiira wa Vmc: liwiro likatsika kupyola pamenepo ndege imagudubuzika chagada, ndipo ikakhala pafupi ndi nthaka palibe chopulumutsa. Ku Johannesburg vutoli limakula, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndipo masana otentha a Disembala mpweya umapepuka moti Seneca yodzaza imalephera kukwera ndi injini imodzi. Ngakhale akatswiri amasokonezeka: mu Febuluwale 2015 ndege ya ATR 72 inagwera mumtsinje ku Taipei atazimitsa injini yabwino m'malo mwa yovutayo, anthu 43 n'kufa. Palinso ngozi zosapha koma zodula. Woiwala kutsitsa mateyala potera amaononga mapulopela awiri, ndipo injini zonse ziwiri zimafunika kuphwasulidwa.

Chowawa ndi chakuti njira yake imazungulira pomwepo. Popanda maola palibe inshuwalansi, popanda inshuwalansi palibe mwini ndege wopereka makiyi, popanda makiyi palibe maola. Ana a eni ndege amatulukamo mosavuta: bambo kapena malume amawalembetsa pa ndege ya Baron yapabanja, n'kumakhala kudzanja lamanja mpaka maola atakwana. Ena amayamba ulangizi pa sukulu imene anaphunzira, kudikira zaka kuti apatsidwe ndege ya injini ziwiri, koma mlendo amafunika chilolezo cha ntchito chimene sichibwera msanga. Ena amapita ku Maun ku Botswana kukanyamula alendo a ku Okavango pa Cessna 206 ndi Caravan; maola amachuluka ndithu, koma onse ndi a injini imodzi, ndipo danga lija pa fomu limakhalabe lopanda kanthu.

Apa ndi pamene umphawi umaonekera poyera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama za mpunga wa ku Likangala zimene zikanagula maola angapo zinangosungunuka zisanasanduke marandi. Wophunzira amagona chipinda chimodzi ndi anzake ku Diepsloot kapena Cosmo City, usiku akutsuka mbale m'lesitilanti, m'mawa akuvala shati yoyera ya mikwingwirima paphewa. Kumudzi chithunzi cha shatiyo chazungulira kale pa WhatsApp, ndipo amayi akaimba foni amafunsa kuti, "Kodi bambo, mudzatera liti ku Chileka?" Kuwalongosolera za ndime ya m'pangano la inshuwalansi n'kosatheka. Chiphaso nachonso sichidikira: mayeso a zaumoyo ndi a luso amafuna kubwereza, onse olipira, munthu asanapeze ntchito.

Ku Chilwa munthu sayesedwa chotero. Mnyamata amene amaolotsa anthu pa boti kuchoka pa Kachulu kupita ku Chisi anaphunzira atakhala pambali pa mkulu, ndipo tsiku lomusiyira injini limadziwika ndi amene anamuona akulimbana ndi mwera. Mwana wamasiye wakhama amapatsidwa boti chimodzimodzi mwana wa mwini wake. Ndi ulemu umene ku Lanseria kulibe, ndipo amene anakulira mu ulemu umenewo amausowa kwambiri akaona luso lake lonse litapanikizidwa m'kabokosi ka fomu. Koma mbali inayo ndi yodziwika kwa aliyense wa kunyanjako. Boti likamira, kapena nyanja ikaphwa monga mu 1995 ndi 2018, mwini wake amatsala manja lende, ndipo wamasiye amalandira chipepeso cha pamaliro basi. Ku Joni khomo ndi lopapatiza koma wovulala amalipidwa. Ku Chilwa khomo ndi lotsegula koma tsoka limagwera banja limodzi.

Za ndege ku Malawi nazonso sizipereka pothawira. Ndege za Malawi Airlines, kampani ya boma ndi Ethiopian Airlines imene inayamba kuuluka mu 2014, ndi za injini ziwiri zokhazokha, Boeing 737 ndi Dash 8 Q400, kotero maola omwewo adzafunsidwanso pa bwalo la ndege la ku Lumbadzi. Ndege zing'onozing'ono za anthu wamba zoti wachinyamata aphunzirirepo ndi zowerengeka. Ana ambiri a ku Chilwa ndege yoyamba kuiona pafupi inali ya asilikali a pa bwalo la Zomba, ndipo ngozi ya Dornier 228 m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8, inakumbutsa mtundu wonse kuti injini ziwiri sizichotsa ngozi. Komabe njira ilipo, pakuti Yolanda Kaunda anafika pokhala kaputeni woyamba wamkazi wa Chimalawi mu 2016.

A inshuwalansi akunena zoona pa za kuopsa kwa ndegezi, koma dongosolo lawo limasankha wa ndalama, osati waluso, ndipo dziko losauka likangoyang'ana lidzakhala likulemba ntchito oyendetsa ndege akunja mpaka kalekale. Boma ndi makampani a ndege a ku Malawi ayenera kukhazikitsa njira yoti achinyamata aziunjika maola a injini ziwiri atakhala pambali pa akaputeni odziwa, inshuwalansi yawo italipidwa ndi kampani. Banja limene likutumiza mwana ku Joni liwerengere padera ndalama za maola owonjezera ndi za excess, osati za chiphaso chokha. Wophunzirayo asankhe mtundu umodzi wa ndege n'kukhala nawo, aonane ndi broker wa inshuwalansi ya ndege asanamalize maphunziro, asunge umboni wa maphunziro aliwonse obwereza, ndipo asawonjezere ngakhale ola limodzi labodza mu logbook, chifukwa bodza likadziwika pambuyo pa ngozi kampani imakana kulipira, mlandu wonse n'kutsala pamutu pake.