Malipiro a dalaivala amawerengedwa pa chipata

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Blantyre, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, pali mtunda wa makilomita oposa 1,700 ndi malire a mayiko atatu. Mnyamata amene walandira kalata yomuitana kukayendetsa thiraki pamsewu umenewu amayamba kuyang'ana ndalama ya pamwezi. Koma madalaivala okhwima amati phindu la ntchitoyi limadziwika pamene galimoto yaima.

Koyamba kuima ndi ku Beitbridge, pamtsinje wa Limpopo, chipata chimodzi mwa zotanganidwa kwambiri kum'mwera kwa Africa. Ngakhale mbali ya Zimbabwe inamangidwanso m'zaka zaposachedwa, makalata a msonkho akachedwa mathiraki amandandalikabe kulowera ku Musina. Dalaivala amagona m'galimoto, kuphika nsima pambaula m'mbali mwa matayala, kulipira malo oimikapo ndi madzi osamba. Apa mpamene funso loyamba limabadwira. Kampani ina imalipira pamwezi, ina paulendo, ina pa kilomita. Wolipidwa paulendo kapena pa kilomita akakhala pamzere masiku atatu, masikuwo ndi ake, pokhapokha mgwirizano utanena kuti tsiku lodikira lili ndi alawansi yake. Pofuna kubweza nthawi yotayikayo, ena amayendetsa usiku wonse, ndipo tulo n'tomwe timagwetsa magalimoto ambiri.

Kudutsa Harare ndi Nyamapanda, msewu umatsikira kuchigwa cha Zambezi. Ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo udzudzu ndi wochuluka. Mathiraki olemera amawolokera pamlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 pofuna kupeputsa mlatho wakale wa Samora Machel. Pofika pano dalaivala wagwira randi, dola ndi metikali. N'chifukwa chake ayenera kudziwa ndalama imene alawansi idzaperekedwere. Pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, alawansi yolembedwa m'makwacha inafota tsiku limodzi, chonsecho mtengo wa chakudya ku Tete sunasinthe.

Pali zinanso zimene kalata yoitanira ntchito siitchula kawirikawiri. Dizilo akapitirira muyezo umene bwana anaika, kodi amadula pamalipiro? Tayala likaphulika, katundu akabedwa, kapena sikelo ya pamsewu ikapeza kuti katundu wapyola malire, amalipira chindapusa ndani? Pasipoti ikadzaza ndi zidindo, yatsopano agula ndani? Nanga dalaivala akadwala kapena kumwalira kunja, inshuwalansi ilipo yomubweretsa kwawo? Funso lomalizali linakula mu 2019, pamene mathiraki ankawotchedwa pamsewu wa N3 ku South Africa ndipo madalaivala ochokera kunja ankachitidwa chipongwe. Mu 2021 madalaivala a m'Malawi ananyanyala ntchito podandaula za malipiro ndi ndalama zolipira paulendo, mpaka mafuta anasowa m'malo omwetsera galimoto.

Chipata chomaliza ndi Zobue ndi Mwanza, pakati pa mapiri ndi minda ya manachesi. Kuno n'kumene mu 2005 kunatsegulidwa chipatala chaching'ono cha madalaivala, chiyambi cha bungwe la North Star Alliance, chifukwa Edzi inali itatha anthu ambiri a ntchitoyi. Blantyre ali pafupi, koma kufika sikutanthauza kupuma: katundu akatsitsidwa, fodya kapena tiyi wopita kudoko amakhala akudikira kale. Masiku ogona pakhomo nawonso ndi malipiro, ndipo ayenera kulembedwa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dalaivala wanzeru amapempha mgwirizano wolembedwa, kuchotsera zonse zimene msewu udzadye, ndi kufunsa anzake a pakampaniyo ngati malipiro amabwera pa tsiku lake. Zotsala pamenepo ndizo zidzafike kwa mkazi ndi ana.