Lichero lakwera mtengo kumayadi

Ku Stellenbosch, m'dziko la South Africa, olemera amachitira ukwati m'minda ya mphesa nthawi yokolola. Kuno ku Lilongwe mphesa n'zosowa, koma fashoniyo yafika. Mvula ikangokata mu Epulo, mabwana a ku Area 10 ndi 43 amakhoma tenti pakapinga n'kukongoletsa mwachimudzi: malichero, mitsuko, mikeka, zikho ndi maungu patebulo. Zithunzi amakajambulitsa ku Botanic Garden, kufupi ndi Capital Hill.

Nanga katunduyo amachokera kuti? Kwa inu amalonda a mumsika wa Old Town! Okongoletsa amanenerera ngati amphawi, kenako lichero lomwelo n'kumalibwereketsa pa maukwati ambirimbiri. Tsono mayi, wagalimoto akabwera kufuna mitsuko 20, musagwetse mtengo. Ukwati wa kumayadi susowa ndalama.