Mahedifoni ndimawayesa ndi mawu a munthu

Kuno ku Angónia, mahedifoni a m'khutu timagula ndi ndalama ya mbatatesi, ndiye ine sindigula mwacisawawa. Kaya ndi ku Ulónguè kapena pamsika wa Lizulu pamalire, ogulitsa amatamanda bezi, kugunda kwa ng'oma kuja. Ine ndimayesa ndi mawu a munthu. Ndimatsegula wailesi n'kumvetsera mauthenga a maliro pa Rádio Moçambique kapena MBC. Ngati dzina la malemu ndi la mudzi sakumveka bwino, ndimabweza, mtengo ukhale wa meticais kapena wa makwacha.

A Bluetooth ndi okongola, koma amafuna kuchaja, pomwe kwathu banja lonse limadalira kasola kamodzi. Komanso m'mafoni ambiri wailesi ya FM siigwira popanda cingwe, cifukwa cingweco ndiye eriyo. Conco a cingwe, ngakhale ochipa, amandigwirira nchito ziwiri.

Ndimayang'ananso timphira ta kumapeto. Tikakwana bwino m'khutu, phokoso la cigayo ndi njinga zamoto sililowa kwambiri, ndipo sindikweza mawu mpaka makutu kulira. Cingwe cikaduka ndigula cina, koma khutu likagontha palibe msika wogulitsa lina.