PA NJINGA M'NKHALANGO YA DZALANYAMA

Anzanga ambiri pano pa seminale amaidziwa Chitedze chifukwa cha malo ofufuzirapo za ulimi amene anatsegulidwa mu 1948. Ife obadwira kumeneko timaidziwanso ndi njinga zake. Kusanache n'komwe, njinga zimakhala zili kale pa msewu wochokera ku Mchinji kupita ku Lilongwe. Ina yanyamula mbuzi, ina nkhuku m'dengu, ina mayi wodwala, ndipo zambiri zasenza matumba a makala. Kwathu njinga ndi ngolo ndiponso ndi ambulansi, ndipo munthu wamkulu saikwera pofuna kungosangalala ayi. Akaikwera ndiye kuti pali chimene akukafuna.

N'chifukwa chake ndinadabwa nditawerenga kuti kumaiko ena kuli masewero opalasa njinga m'mapiri ndi m'nkhalango. Masewerowa anayamba m'zaka za m'ma 1970 ku California, m'dziko la America, kumene anyamata ankapikisana kutsetsereka ndi njinga zakale pa phiri la Tamalpais. Pambuyo pake anthu anayamba kupanga njinga zamatayala onenepa ndi magiya ambiri, ndipo mu 1996 masewerowa analowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Atlanta. Ku France, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Atlantic, kuli nkhalango yaikulu ya paini yotchedwa Landes, ndipo muli tinjira tambiri tongoyendamo njinga. Ife kuno ku Malawi nyanja yamchere tilibe, koma paini tili naye. Wapafupi ndi kwathu ali ku Dzalanyama, mapiri obiriwira aja amene timawaona chakumwera tikaima pabwalo madzulo.

Tchuthi cha Khirisimasi chitafika, ndinapempha atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, kuti andiperekeze kumeneko. Poyamba anaseka kwambiri. "Mphwanga, anzako amathawa mtunda, iwe ukuufunafuna?" Koma pakuti iwo ndiwo eni mbumba, ndipo amanena kawirikawiri kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anavomera. Iwo anabwereka njinga kwa mnzawo wa kabaza, ine anandipatsa yawo.

Njinga imeneyi ndiyenera kuifotokoza bwino. Ndi yakuda, yolemera ngati thole, ndipo ndi yaikulu msinkhu kuposa ine pa zaka. Kaliyala wake anawotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba. Masipoko a gudumu lakumbuyo ndi onenepa kuposa a njinga wamba. Magiya ilibe. Atsibweni amati magiya ake ndi ntchafu za mwini wake. Kwa zaka zambiri njingayi inkanyamula makala kuchokera ku Dzalanyama kupita mumzinda, mpaka pamene mawondo a atsibweni anayamba kuvuta ndipo anatembenukira ku ulimi wa kudimba. Ndalama za makalawo ndi zimene zinagula mbuzi zoyamba za amayi, ndipo mbuzizo ndi zimene zimandilipirira fizi pano. Izi ndazinena poyera kuti wowerenga adziwe pamene ndaima polemba nkhaniyi.

Tinanyamuka nkhuku zitangolira kachiwiri, titatenga pampu, zigamba, solushoni, chimanga chokazinga ndi chigubu cha thobwa. Tinadzera njira zafumbi zolowera ku Malingunde, kumene tinagona kwa abale. Madzulo ake atsibweni anandionetsa madzi a damu. Pa mtsinje wa Lilongwe pali madamu awiri: Kamuzu Dam yoyamba inamangidwa mu 1966, yachiwiri mu 1989. Madzi amene bungwe la Lilongwe Water Board limatumiza m'mipopi ya mumzinda amasungidwa m'madamu amenewa, ndipo mtsinjewo umayambira ku Dzalanyama. Mitsinje ya Likuni, Diamphwe ndi Bua nayonso imachokera ku mapiri omwewo. Tsiku limenelo madzi olowa m'damu anali ofiira ndi matope a mvula yoyamba.

M'mawa mwake tinapalasa kulunjika kumapiri. Nkhalango ya Dzalanyama inakhazikitsidwa ndi boma kukhala yotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 99,000, ndipo inayala m'maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, m'malire ndi dziko la Mozambique. Kwa ife Achewa malowa ndi olemekezeka, pakuti makolo amasimba kuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, ndi pamene anthu oyamba ndi nyama anaponda thanthwe likadali lofewa n'kusiyapo mapazi awo. Titalonjerana ndi alonda a zankhalango ndi kufotokoza za ulendo wathu, tinalowa.

Anzanga, kupalasa njinga m'kati mwa paini n'kokoma, ndipo sindingabise. Mitengo inaima m'mizere yowongoka ngati ophunzira pa asembule. Dzuwa limalowa pang'ono pokha, ndipo mpweya ndi wozizira, wonunkhira utomoni. Pansi pamakhala poyalidwa ndi masamba ouma onga singano, kotero kuti matayala samveka phokoso. Mphepo ikawomba pamwamba, umayesa mvula yamphamvu ikubwera chapatali. Pa mtsetse wina ndinasiya kupalasa, njinga n'kuyamba kuthamanga yokha, mitengo ikudutsa mbali zonse ziwiri, misozi ikutuluka ndi mphepo. Atsibweni anakuwa kumbuyo kuti, "Buleki yakumbuyo, mphwanga! Yakutsogolo ikuponya!" Ndinamvera, pakuti masamba a paini akanyowa amaterera ngati therere, ndipo mizu yodutsa m'njira imakankha gudumu kumbali. Pamenepo ndinamvetsa chimene anyamata a ku California aja ankafuna.

Titapuma pa chitsa china, atsibweni anandiuza kuti nditchere khutu. Ndinatchera, koma kupatula mphepo sindinamve kanthu. Mbalame zinali zochepa kwambiri, ndipo pansi panalibe udzu wambiri kapena zitsamba za mankhwala. Paini si mtengo wakwathu. Mtundu wina umene unadzalidwa kwambiri m'Malawi muno unachokera ku Mexico, wina unachokera ku Asia. Anaubweretsa chifukwa umakula msanga ndiponso mowongoka, motero umapereka matabwa abwino a madenga, zitseko ndi madesiki amene timakhalira m'kalasi. Ku Chikangawa, m'mapiri a Viphya, boma linadzala paini pa mahekitala oposa 50,000 ndi cholinga chotsegula fakitale ya zopangira mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Munda wa paini ndi munda ngati wa chimanga: amadzala, amapalira, amadulira, ndipo nthawi ikakwana amakolola.

Titatuluka m'painimo tinalowa m'nkhalango yachilengedwe, ndipo njinga inandiuza yokha kuti malo asintha. Njira inali ya miyala ndi mizu, yokhotakhota, ndipo m'malo ambiri tinkatsika n'kumakankha. Koma kunali moyo. Kunali mitengo ya tsamba, mombo, muwanga ndi misuku yodzaza ndi masuku akupsa. Gogomole ankagogoda mtengo wouma, anyani ankatiyang'ana pathanthwe. Tinakumana ndi amayi atatu atasenza malichero a bowa wa utale ndi manyame. Titawapatsa moni, mmodzi anatiuza kuti chaka chilichonse amayenda mtunda wautali kuposa chaka chatha asanapeze bowa wokwanira. Bowa wa manyame amamera pogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedweyi, ndipo mitengo ikadulidwa nayenso amatha. N'chifukwa chake sungamulime m'munda.

Chapatsogolo pang'ono tinafika pamalo pamene mitengo inatha. Panali zitsa zokhazokha ndi mabwalo akuda a mauvuni akale. Atsibweni anatsika njinga, n'kuima nthawi yaitali osalankhula. Kenaka anandifotokozera mmene ntchitoyi imayendera. Amadula mitengo yolimba, pakuti makala ake ndi olemera ndipo amakhalitsa pa mbaula. Amasanja zipika, n'kuzikwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuyatsa moto mbali imodzi. Uvuni umafuka masiku angapo, mwini wake akugona pafupi kuti atseke paliponse pamene paboola, chifukwa mpweya ukalowa wambiri zonse zimasanduka phulusa. Mu uvuni wotere, nkhuni zolemera makilogalamu 100 sizitulutsa makala ofika makilogalamu 20. Zotsalazo zimapita ndi utsi.

Pobwerera tinawoloka kamtsinje kena, ndipo kutsidya kwake kunali chitunda chachitali. Ndinayesa kupalasa choimirira, tcheni chikulira, koma ndisanafike pakati ndinatsika. Njinga inali yopanda katundu, komabe ndinafika pamwamba malaya atanyoweratu. Atsibweni anandipeza ndikupumira m'mwamba, ndipo anati, "Pamtunda uwu ndinkakankha matumba atatu, usiku, wopanda nyali. Ndikafika pano ndinkamva kukoma kwa magazi m'kamwa. Potsetsereka mabuleki sankagwira, ndiye ndinkaponda tayala ndi nkhwaila. Ukuganiza kuti munthu angachite zimenezi chifukwa chodana ndi mitengo?"

Sindinayankhe, ndipo funsoli likundivutabe mpaka lero. M'kalasi timaphunzira kuti mitengo imagwira nthaka, ndi kuti masamba ogwa pansi amachititsa madzi a mvula kulowa m'nthaka pang'onopang'ono n'kumatuluka m'akasupe m'chilimwe. Mitengo ikatha, madzi amathamanga pamwamba, amakokolola dothi n'kukalitaya m'damu, ndipo pofika mwezi wa Okutobala mitsinje imakhala itaphwa. Zonsezi ndi zoona, ndipo matope ofiira a ku Malingunde ndinawaona ndi maso anga. Pa mayeso timalemba kuti owononga nkhalango ndi owotcha makala, ndipo timakhoza. Koma amene anakankhako njinga pa chitunda chija angafune kuonjezera mzere wina pa yankho limeneli.

Makala sadyedwa ku Dzalanyama. Amapita ku Chinsapo, ku Kawale, ku Area 25, ngakhalenso kunyumba zamipanda ya njerwa kumene kuli magetsi, chifukwa magetsiwo amazimazima ndiponso ndi okwera mtengo. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Munthu wa mumzinda amagula thumba m'mawa, madzulo n'kumadandaula kuti mpopi wauma, osadziwa kuti thumbalo ndi mpopiwo zimachokera phiri limodzi. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi. Mu 2016 dziko la Japan, kudzera m'bungwe lake la JICA, linayamba kuthandiza pa ntchito yoiteteza. Mu 2020 lamulo la zankhalango linasinthidwa ndipo zilango zinakula. Zonsezi n'zofunika, koma mphika wa nyemba ukadali pamoto mumzinda, ndipo mwana wa wowotcha makala akufunabe yunifolomu. Wogula akadalipo, wina adzapezeka wokankha njinga usiku.

Ena amati vutoli lingathe podzala paini ndi bulugamu wambiri. Inde, mitengo yokula msanga ingachepetse nkhwangwa pa mitengo yachilengedwe, makamaka ikadzalidwa m'midzi ndi m'minda ya anthu kuti nkhuni zipezeke pafupi. Koma paini sangabale masuku, ndipo manyame sangamere pansi pake. Kudula muwanga wa zaka 80 n'kudzalapo paini sikubweza ngongole yonse. Chosangalatsa n'chakuti mitengo yakwathuyi siifa msanga. Atsibweni anandionetsa zitsa za tsamba ndi mombo zitaphukira mphukira zofiirira, zina zofika kale m'chiuno. Anati zitsa zimenezi zikangotetezedwa ku moto wolusa, ku mbuzi ndi ku chikwanje, nkhalango imabwerera yokha popanda munthu kugula mbande.

Tinafika ku Chitedze tsiku lachitatu madzulo, titamata chubu kawiri, ndi kathumba ka masuku ka amayi pa kaliyala. Miyendo inandipweteka sabata yathunthu. Kuchokera nthawi imeneyo, ndikakumana ndi bambo wokankha makala pamsewu ndimamupatsa moni mwaulemu ndi kumupatukira njira, pakuti ndikudziwa kumene wachokera. Koma ndimayang'ananso matumba ake n'kuwerenga mumtima mitengo imene yagwa. Zinthu ziwirizi ndimazimva nthawi imodzi, ndipo sindikufuna kutayapo chimodzi.

Anzanga okondedwa, akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Ife tisadikire kuti chiphwe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Podzala, tisaiwale msuku, mbawa ndi mlombwa, ndipo tikadzala tizibwerako kukapalira ndi kulambula njira zotchinga moto. Kumudzi tiwauze amayi athu za chitetezo mbaula, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Ndipo amene ali ndi njinga, kaya yamagiya kaya ya agogo ake, pa tchuthi chikubwerachi apalase apite kukaona kumene mtsinje wakwawo umayambira. Atenge pampu ndi zigamba, apite ndi munthu wamkulu woidziwa njira, ndipo pa chitunda amufunse zimene ankanyamula kale.